Tinagona m'galimoto masiku 12 kukaona tchire la eni ake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhire m'nyuzipepala yanu funso limene anzanga a kuno ku Rosettenville akhala akundinyodola nalo chibwerereni ku America. Tili ndi kagulu kothandizana pa maliro, timakumana Lamulungu loyamba la mwezi, ndipo tikatha kuwerengera ndalama pamakhala macheza. Nditaonetsa zithunzi za pa foni, mkulu wina wa ku Mangochi anagwira pakamwa nati, "Achimwene, ndege usiku wonse, kenako kukagona m'galimoto ngati mapepala akuvutani pa Beitbridge, zonsezo kukaona tchire? Tchire la kwanu ku Kasungu linapsa?" Anthu anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka, koma funsolo linandibaya pamalo pamene mwini wakeyo sankadziwa, chifukwa ine ndinabadwira pafupi ndi paki ya Kasungu ndipo pachipata chake sindinalowepo.

Ku Joni ndakhalako zaka 26. Zambiri mwa izo ndinali pa chiwongolero cha thiraki, kudutsa Musina, Harare, Nyamapanda, Tete, kukatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza. Kugona m'galimoto ndimakudziwa, ndipo ndinalumbira kuti ndikapuma sindidzagonamonso. Ndiye mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Salt Lake City, atatiitana ine ndi mayi ake mu June 2024 n'kunena kuti abwereka galimoto yokhala ndi nyumba kuti tikaone mapaki, ndinayankha kuti atisiye pa mpando wa pabalaza, tidzaonera pa TV. Mayi a kunyumba anandiyang'ana diso lija ndimalidziwa. Tinapita. Mwayi wake tinayenda lisanabwere lamulo la 2025 loti Amalawi opempha viza yokacheza azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Likanatipeza, kalata ino bwenzi kulibe.

Galimotoyo eni ake amaitchula RV. Kuno ku South Africa tinazolowera kalavani yokokedwa kumbuyo pa N3 nyengo ya Khirisimasi, koma iyi nyumba ndi injini n'chinthu chimodzi, mamita pafupifupi 9 m'litali. M'kati muli chitofu cha gasi, filiji, sinki, kachimbudzi ndi kabafa koti munthu wonenepa sangatembenukemo, kachipinda kumbuyo, bedi lina pamwamba pa dalaivala, ndi tebulo limene usiku limasanduka bedi. Tinalimo anthu asanu ndi mmodzi: ife awiri, mwana wathu, mkamwini wathu wa ku Dedza, ndi adzukulu awiri, mtsikana wa zaka 10 ndi kamnyamata ka zaka 6. Petulo imamwa ngati ili ndi ngongole naye, lita imodzi makilomita anayi basi. Titabwerera, mita inaonetsa kuti tayenda makilomita oposa 3,000, ngati kuchoka ku Joni kukafika ku Lilongwe n'kubwerera mpaka kudutsanso Harare.

Anandilembetsa ngati dalaivala wachiwiri, ine n'kudzitama ndi Code 14 yanga, laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu. Tsiku loyamba lomwelo, potuluka pothira mafuta pafupi ndi tauni ya Jackson, manja anga anachita zimene akhala akuchita moyo wonse: ndinalowa kumanzere. Adzukulu anakuwa, mkamwini anangoti chapansipansi, "Bambo, kumanja," ngati akupempha mchere. Kuyambira pamenepo kamnyamata kanadzipatsa ntchito yofuula "Agogo, kumanja!" pa mphambano iliyonse. Ndi mawu a Chichewa amene kakuwadziwa bwino kuposa ena onse.

Pachipata cha paki ya Grand Teton ndi pamene ndinaona chinthu chandilembetsa kalatayi. Chaka chimenecho galimoto imodzi inkalipira madola 35 pa paki iliyonse mwa zisanu tinalowazo. Mkamwini sanatulutse chikwama. Anatsitsa galasi, mdzukulu wamkulu n'kusuzumira ali ndi kachiphaso m'manja. Kuyambira 2015, mwana aliyense wa giredi 4 kumeneko amapatsidwa chiphaso cha ulere cha chaka chonse cha sukulu, ndipo chimalowetsa onse amene ali m'galimoto ya banja, bola mwanayo akhalemo. Mlonda anawerama n'kulankhula ndi mwanayo, osati ndi ife akuluakulu, kumuthokoza kuti wabweretsa agogo ake. Mtsikanayo anatupa ngati finye. Ulendo wonse ankatikumbutsa kuti tikamukwiyitsa atsika, tilipire tokha.

Phiri la Grand Teton ndi la mamita 4,199, kuposa Sapitwa ndi mamita oposa 1,000, ndipo linali ndi chipale pamutu pamene kumunsi anthu akuyenda ndi makabudula. Zokongola, inde. Koma ine maso anga anali pa nkhani ina. Kwathu mkamwini sagona nyumba imodzi ndi apongozi ake aakazi, akakumana panjira wina amapatuka. Mkamwini wathu ndi wophunzira kwambiri koma analeredwa bwino, ndiye anatenga tenti, ndipo masiku awiri oyamba iye ndi mkazi wake anagona panja. Titafika ku Yellowstone, pa msasa wotchedwa Fishing Bridge, tinapeza kuti matenti saloledwa m'pang'ono pomwe chifukwa cha zimbalangondo, pamagona magalimoto a makoma olimba okhaokha. Munthu wamkulu anaima panja kwa nthawi akukanda m'mutu. Mayi a kunyumba sanalankhule, anangotulutsa zitenje ziwiri m'chikwama, kuzimangirira pa chingwe pakati pa galimoto, n'kulengeza kuti uku ndi ku Kasungu, uko ndi ku Dedza. Kachimbudzi kanagwera mbali ya ku Kasungu. Kwa masiku atatu ndinkamumva mkamwini m'bandakucha akutsegula chitseko mwakachetechete, kupita ku zimbudzi za msasa ali ndi botolo la tsabola wopopera chimbalangondo m'manja. Anasankha chilombo kusiyana ndi kudutsa pakhomo pa apongozi. Ndinamupatsa ulemu mnyamata ameneyu.

Nsima sitinaisiye. Ufa woyera wa m'sitolo za kumeneko ndi wamisere pang'ono koma umagwira. Nyemba ndizo zinatilaka. Nyanja ya Yellowstone ili pamtunda wa mamita oposa 2,300, kuposa Joni amene ali pa 1,750, ndipo kumtunda kotero madzi amawira asanatenthe mokwanira, ndiye nyemba zimangovina mumphika osapsa. Usiku woyamba mayi ananyika mpoto wa nsima m'madzi n'kuuika panja pansi pa galimoto kuti nkhoko zifewe, monga amachitira chikwatiwireni. Pasanathe ola tinamva kugogoda. Anali mlonda wamkazi, chipewa chachikulu, mpoto uli m'manja. Anafotokoza mwaulemu kuti chimbalangondo chimanunkhiza kutali, ndipo chikazolowera chakudya cha anthu chimayamba kuvuta mpaka amachipha. Atatha anafunsa kuti mumpotomo munali chiyani, ndipo mayi anamulawitsa nsima yotsala ndi nyemba zosapsazo. Anadya, kapena ndinene kuti anayesetsa.

Yellowstone anaikhazikitsa pa 1 March 1872, Purezidenti Ulysses Grant atasaina lamulo lake. Kukula kwake sikufika theka la paki ya Kruger ya kuno ku South Africa, koma pansi pake pali moto. Amene anafikako ku Mawira ku Nkhotakota amadziwa madzi otentha otuluka pansi. Chulukitsani zimenezo, muwonjezere fungo la mazira ovunda ndi matope owira ngati phala. Kasupe wotchuka uja, Old Faithful, amaponya madzi m'mwamba mamita oposa 30 pafupifupi ola ndi theka lililonse, ndipo amalemberatu pa bolodi nthawi imene aphulike. Anachedwa ndi mphindi zinayi. Mayi anati mabasi a pa Park Station ku Joni akabwere adzaphunzire.

Njati za kumeneko, zamalinunda ndi ndevu, zimayenda pamsewu ngati zinaulipira. Pofika 1902 m'pakimo munatsala zosakwana 30, anthu atazipha mamiliyoni m'dziko lonselo, koma lero zili zikwizikwi, ndipo mu chigwa cha Lamar tinaima mphindi 40 kudikira kuti gulu lina liwoloke. Mimbulu anaibwezeramo mu 1995. Ife tinaiona ngati timadontho pa chiunda, kudzera pa galasi la mkulu wina amene anatiitana yekha kuti tisuzumire. Pakiyo ilibe mpanda, ndipo umatsika m'galimoto n'kuyenda, mosiyana ndi ku Kruger. Lamulo ndi lakuti utalikire njati ndi mamita 23, chimbalangondo ndi mmbulu mamita 91. Zitsiru ziliponso kumeneko, musaganize kuti n'za kwathu kokha. Ndinaona bambo wina akuyandikira njati chafutambuyo kuti adzijambule nayo.

Madzulo ndinkayenda mumsasa kuona anansi. Ndinkayembekezera mabwana okhaokha. Kumanzere kwathu kunali mkulu wopuma pantchito yokonza mapayipi ndi mkazi wake, m'kagalimoto kakale kodontha oyilo. Ndinawathandiza kumanga lamba wa fani, iwo n'kundiuza kuti bambo awo ankawabweretsa pomwepo ali mwana. Kutsogolo kunali mphunzitsi ndi ana atatu. Ndinene zoona zonse: anthu akuda ndinawawerenga ndi zala za manja awiri ulendo wonsewo, ndipo mwana wanga akuti anzake ambiri a kuntchito amaona zogona kutchire ngati za azungu, chimodzimodzi ife. Komabe amene analipowo ankayenda ngati munthu woyendera munda wake. Pa chipata cha kumpoto, ku Gardiner, pali khomo lamiyala la 1903 lolembedwa pamwamba kuti malowo ndi opindulira ndi osangalatsa anthu. Mdzukulu anandiwerengera mokweza, ine n'kumaganiza za chikwangwani cha kwathu chimene ndinkachidziwa ndili mwana. Sindinkatha kuwerenga, koma aliyense ankadziwa kuti chikunena za kumangidwa.

Pa Fishing Bridge galimoto timailumikiza ku magetsi, madzi ndi payipi ya zonyansa, koma m'misasa ina umasunga zonse m'mathanki awiri, ya m'chimbudzi ndi ya madzi osamba, n'kukakhuthula pamalo ake. Umayamba ya m'chimbudzi kuti ya sopo itsuke payipi pambuyo. Mkamwini anafuna kuchita yekha. Ine ndinati munthu amene anamasulapo giyabokosi pakati pa tchire la Tete sangalephere kapayipi. Sindinaikhome bwino. Zotsatira zake sindizilemba m'nyuzipepala imene ana amawerenga, koma nsapato zimene ndinagula pa Small Street zinatsala ku Utah.

Ku Bryce Canyon kunazizira usiku ngati ku Nyika, ndipo miyala yake yofiira yaima mizeremizere ngati khamu la pamsonkhano. Tinagonako kamodzi. Polowa ku Zion kuchokera kum'mawa pali msewu woboola phiri, wa 1930, utali wake makilomita 1.8, womangidwa magalimoto akadali ang'ono. Yathu inali yaikulu, ndiye tinalipira madola 15, alonda n'kuimitsa magalimoto a mbali inayo kuti tiyende pakati penipeni pa msewu. Apa mkamwini anandipatsa chiwongolero yekha. Potuluka mumdimawo msewu umapindika kutsika ngati wa Khwekhwelere popita ku Golomoti, ndipo ndinatsika ndi giya yotsika osawotcha mabuleki. Ulemu umene ndinataya ku Jackson ndinautolera pamenepo. M'chigwa chenichenicho magalimoto a anthu salowa nyengo imeneyo. Chiyambire 2000 onse amakwera mabasi a paki, osalipira, wolemera ndi wosauka kupanikizana mpando umodzi.

Grand Canyon sindiyesa kuifotokoza. Mtsinje wa Colorado wakumba chigwembe cha makilomita 446, ngati ulendo wa Blantyre kukafika ku Kasungu, chakuya kuposa kilomita ndi theka. Mayi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'mbuyo, kukhala pansi n'kugwira adzukulu m'manja, osawasiya mpaka tinachoka. Ine chinandigwira ndi kadontho kobiriwira kumunsi, pamene pali kasupe ndi mitengo. Mlonda wina anatiuza kuti pamenepo pankalima anthu a mtundu wa Havasupai, ndipo womaliza anamuchotsa mokakamiza mu 1928, paki itakhazikitsidwa mu 1919. Malowo anawasintha dzina mu 2022, tsopano ndi Havasupai Gardens. Pobwera tinali titadutsa m'dziko la Anavajo, amayi akugulitsa mikanda m'timashedi m'mbali mwa msewu, mabasi a alendo akudutsa liwiro. Ndinkangoona ngati ndili pa M1.

Kwathu ku Kasungu, agogo anga aakazi ankaloza kumadzulo dzuwa likamalowa n'kunena kuti manda a makolo awo ali m'kati mwa gemu. Anthu anawasamutsa nthawi ya atsamunda chifukwa cha kashembe ndi matenda a kaodzera, ndipo malowo anadzakhala paki mu 1970. Kuno nakonso anthu a mtundu wa Makuleke anawachotsa ku Pafuri, m'paki ya Kruger, mu 1969, n'kudzabwezeredwa malo awo mu 1998. Choncho sindikunena kuti Amerika ndi angelo. Mapaki awo nawonso aima pa mabwinja a anthu. Ndikunena kuti anthu amene analanda malo aja anaonetsetsa kuti ana awo alowemo, agonemo, awakonde. Ife mwana wa m'mudzi woyandikana ndi paki amaidziwa njovu usiku, ikuthyola chimanga cha mayi ake, iye akumenya chitini. Mlonda amamudziwa ngati munthu wothamangitsa otola nkhuni. Ine ndinalowamo kambirimbiri ndili mnyamata, koma podutsa m'tchire, kukatola matondo ndi bowa, mtima uli m'mwamba. Mu 2022 anasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, nkhani inamveka dziko lonse lapansi. Ana a mlongo wanga anazionera pa foni yanga, ndili ku tchuthi, pamene nyamazo zili mtunda woyenda pa njinga.

Ndikudziwa kuti wina ayankha kuti mtengo wa pachipata kwa Mmalawi ndi wotsika kale kuposa wa mlendo. Zoona. Koma chipata si ndiye vuto lalikulu. Munthu wopanda galimoto amalowa bwanji? Akalowa agona kuti, pamene mitengo ya malo ogona imatchulidwa m'madola? Ku Zion basi ya paki inathetsa funso loyamba, ndipo lachiwiri linathetsedwa ndi kabwalo kafumbi kokhala ndi tebulo, mpopi, chimbudzi ndi poyatsa moto. RV si yofunika, ndipo ine sindidzalowamonso. Tenti yobwereka ndi mphasa n'zokwanira. South Africa ili ndi sabata ya mu September imene nzika zimalowa ulere m'mapaki a boma, chiyambire 2006, ndipo ndaonapo mataxi odzaza amayi a mpingo akupita. Ife a chiphaso cha SADC timalipira mtengo wapakati. Kodi kwathu chingavute n'chiyani kunena kuti mwana wa Sitandade 4 alowe ulere ndi makolo ake, kuti mwanayo ndiye avutitse bambo ake mpaka apite? Makalabu a zachilengedwe m'sukulu alipo ndipo amayesetsa, koma amatenga ana okha. Bambo wotchera misampha uja amatsala kunyumba, ndipo ndi iyeyo amene akufunika kuti akhale pa mpando wa basi, mwana wake akumulozera mvuu pa damu la Lifupa m'paki ya Kasungu.

M'paki iliyonse adzukulu ankapatsidwa kabuku ka mafunso. Akamaliza, mlonda ankawakwezetsa dzanja kulumbira kuti asamala malowo, n'kuwapatsa baji. Ku Grand Canyon mtsikana anauza mlondayo kuti agogo ake nawonso ayankha mafunso, ndipo zinali zoona, a nyama ndinayankha ndine. Munthu wa imvi ndinakweza dzanja pamaso pa anthu. Bajiyo ili pa shelefu kuno ku Rosettenville pafupi ndi laisensi yanga yakale, ndipo mkulu wa ku Mangochi uja akabwera amaichitira sawasha.

Mu December ndikupita kumudzi. Ndalankhula kale ndi mnyamata wina wa minibasi pa boma kuti atitenge tsiku limodzi, tilowe pachipata, tilipire, atipatse lisiti. Ndinauza mlongo wanga kuti alembe maina a ana ofuna kupita. Minibasi imanyamula anthu 15. Dzulo wanditumizira maina 23, ndipo loyamba pamwamba ndi la alamu anga, a zaka 67, amene akuti akufuna akafunse alonda ngati angawalole kuona pamene panali mudzi wa agogo.

Ine wanu,
Dalaivala wopuma,
Rosettenville, Johannesburg